Zolemba za ntchito yosamutsa katalogu ya laibulale kuchoka m'makhadi kupita pa kompyuta

Sabata yoyamba

Komiti yoyang'anira laibulale yathu yandipempha kuti ndizilemba momwe ntchito yosamutsa katalogu ikuyendera, ndipo ndaona kuti ndi bwino kulemba zonse, zoyenda bwino ndi zokanika zomwe, chifukwa amene adzakhale pampando wanga m'tsogolomu adzafuna kudziwa chifukwa chimene zinthu zina zinachitikira mmene zinachitikiramo. Ndiyambe ndi kuvomereza kuti ine ndinaphunzira ntchito imeneyi m'nthawi ya makhadi. Buku likafika, ndinkalilembera khadi la dzina la wolemba, khadi la mutu wake ndi khadi la nkhani imene likukamba, kenako n'kuwalowetsa m'madirowa motsatira alifabeti, moti manja anga amadziwa dirowa lililonse ngakhale nditatsinzina. Pa kompyuta ndinkangodziwa kulemba kalata ndi kutumiza imelo basi.

Pulogalamu imene tasankha ndi Koha. Inalembedwa ku New Zealand mu 1999 ndi kampani ya Katipo Communications pogwirira ntchito bungwe la Horowhenua Library Trust, limene linkaopa kuti pulogalamu yake yakale isokonezeka chaka cha 2000 chikamalowa, ndipo inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2000. Dzina lakuti Koha ndi la chinenero cha Amaori ndipo limatanthauza mphatso. Ndi mphatsodi, popeza aliyense akhoza kuitenga osalipira laisensi, koma ndauza komiti kuti isaganize kuti ntchito yonse ndi yaulere, chifukwa pakufunika kompyuta imene izikhala seva, ndiye kuti yosunga katalogu yonse, munthu woisamalira, ndiponso nthawi yochuluka ya anthu amene azilowetsamo mabukuwo limodzi ndi limodzi.

Mnyamata amene amatithandiza pa za makompyuta waiika pa seva ndipo wandipangira kopi yophunzirirapo. Koha ili ndi nkhope ziwiri: ina ndi ya ogwira ntchito, kumene timalowetsa mabuku ndi kubwereketsa, ndipo ina ndi ya owerenga, imene amaitcha OPAC, kumene munthu amangofufuza ngati buku lilipo. Tsiku loyamba ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana sikirini osadina kanthu, poopa kuti ndifufuta chinthu chimene sindingathe kuchibwezeretsa. Mnyamatayo ataona zimenezi anati, "Amayi, dinani basi. Imeneyi ndi yoyeserera, mukaiwononga tiikonzanso mawa." Ndinadina, ndipo pofika kumapeto kwa sabata ndinali nditalembetsa owerenga abodza asanu ndi kuwabwereka mabuku abodza omwe.

Sabata yachiwiri

Sabata ino ndalimbana ndi MARC, dongosolo lolembera tsatanetsatane wa buku m'njira imene kompyuta ingawerenge, ndipo mantha anga achepa ndithu. Nditatsegula koyamba tsamba lolowetsera buku ndinaona manambala ambirimbiri, iliyonse ndi timabokosi take ndi tizilembo take, ndipo ndinalitseka osalemba kanthu. Mawa lake ndinabwera ndi khadi limodzi lakale n'kuliimika pambali pa sikirini, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti manambalawo ndi mayina chabe a mizere imene ndakhala ndikulemba zaka zonsezi. Gawo la 100 ndi dzina la wolemba, la 245 ndi mutu wa buku, la 300 ndi chiwerengero cha masamba ndi kukula kwa buku, la 650 ndi nkhani imene bukulo likukamba, la 082 ndi nambala ya Dewey imene timatsatira poika mabuku pa shelefu, ndipo la 020 ndi ISBN, nambala yozindikiritsa buku imene wosindikiza amaikapo. Zimenezi sizodabwitsa, chifukwa Henriette Avram ndi anzake a ku Library of Congress pamene ankakonza MARC m'zaka za m'ma 1960 ankafuna kuti makina athe kuwerenga zimene zinali kale pa khadi. MARC 21 imene tikugwiritsa ntchito inabwera mu 1999 ataphatikiza mtundu wa ku United States ndi wa ku Canada.

Kanthu kamene kandisangalatsa kwambiri ndi kabokosi kachiwiri ka gawo la 245. M'madirowa tinkadziwa tokha kuti mutu woyamba ndi mawu akuti The sitiuika pa T, koma timadumpha mawuwo n'kuyamba ndi otsatira. Kompyuta siidziwa zimenezi pokhapokha uiuze, ndipo umaiuza polemba m'kabokosiko chiwerengero cha zilembo zoti idumphe: 4 pa The, kuphatikizapo mpata, ndi 2 pa A. Mitu ya Chichewa ilibe timawu totere, choncho imangolandira 0. Mnyamata wathu wa makompyuta sankadziwa chifukwa chake kabokosiko kalipo, ndipo ndinamva bwino mumtima kuti nanenso ndamuphunzitsapo kanthu.

Tagwirizana kuti malo, wosindikiza ndi chaka tizilemba m'gawo la 264 pa mabuku amene tikulowetsa tokha, motsatira malamulo olembera katalogu otchedwa RDA amene Library of Congress inayamba kutsatira mu 2013, koma marekodi akale obwera ndi gawo la 260 tiwasiya choncho. Kuwasintha onse kungatidyere nthawi popanda phindu limene wowerenga angalione.

Sabata yachitatu

Ndaphunzira kukopa marekodi kuchokera ku malaibulale ena kudzera mu Z39.50, njira imene makatalogu amalankhulirana. Umalemba ISBN, Koha imafunsa seva ya Library of Congress kapena ina imene waisankha, ndipo rekodi yonse imabwera yolembedwa kale. Buku limene likananditengera mphindi khumi ndi zisanu linatha m'mphindi ziwiri, ndipo ndinatengeka kwambiri moti tsiku limenelo ndinalowetsa shelefu yathunthu osatsegula buku ngakhale limodzi.

Kuthamanga si kufika. Pobwereza mawa lake ndinapeza kuti marekodi angapo anali a mtundu wina wa buku lomwelo: mutu ndi wolemba zinali zolondola, koma chaka ndi chiwerengero cha masamba zinali za kusindikiza kwina. Wophunzira amene wauzidwa kuti awerenge mutu wachisanu wa kusindikiza kwachitatu sangathandizike ndi katalogu imene ikunama pa zimenezi. Kuyambira tsopano lamulo ndi lakuti rekodi iliyonse yokopa iyenera kufananizidwa ndi buku lili m'manja, makamaka tsamba la mutu ndi kuseri kwake. Ndaonanso kuti njira imeneyi imathandiza pa mabuku a osindikiza akuluakulu okha. Timabuku ta osindikiza ang'onoang'ono, malipoti, ndi mabuku akale amene anatuluka ISBN isanayambe, sizipezeka kwina kulikonse, ndipo zimenezi ndiyenera kuzilemba ndekha kuyambira pachiyambi. Ndizonso zimene zili zamtengo wapatali m'laibulale muno, popeza munthu sangazipeze pa intaneti.

Sabata yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi

Ndaphatikiza masabata awiriwa chifukwa onse athera pa vuto limodzi, ndipo ndilifotokoza mwatsatanetsatane kuti wina asadzagwerenso m'dzenje lomweli.

Zaka zingapo zapitazo wina anayamba kutayipa mndandanda wa mabuku athu mu spreadsheet, fayilo ya mizere ndi makolamu, ndipo tinkayembekezera kuti fayilo imeneyo itipulumutsa ku ntchito yaikulu. Ndinaitsegula, ndinakonzamo zochepa, n'kuisunga ngati CSV, mtundu wa fayilo wosunga mawu okhaokha, monga mmene ndinawerengera, osafunsa munthu. Safunsa anadya phula. Nditaitsegulanso ndinapeza kuti ma ISBN onse oyamba ndi 978 asanduka 9.78E+12 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Chimene chinachitika n'chakuti pulogalamuyo inaona ISBN ngati nambala yowerengetsera, ndipo popeza inali yaitali inaifupikitsa, ndiyeno posunga ngati CSV inalemba chofupikitsacho n'kutaya manambala enieniwo. Ma ISBN akale oyamba ndi 0 anataya ziro wawo pa chifukwa chomwecho. ISBN si nambala yoti uiphatikize ndi inzake, ndi dzina lolembedwa ndi manambala, ndipo kolamu yake iyenera kuuzidwa kuti ndi ya mawu fayilo isanatsegulidwe. Mwayi wanga unali wakuti fayilo yoyambirira inali idakali mu imelo ina yakale.

Vutoli landikakamiza kuphunzira ISBN bwinobwino, chinthu chimene ndakhala ndikungokopera osachiganizira. Kufikira kumapeto kwa 2006 inali ndi manambala 10, ndipo kuyambira pa 1 Januwale 2007 ili ndi 13, kuyamba ndi 978 kapena 979. Nambala yomaliza imawerengetsedwa kuchokera ku zinzake kuti ikhale mlonda: ukalakwitsa nambala imodzi potayipa, yomalizayo sigwirizananso ndipo cholakwikacho chimaonekera. Pa ISBN ya manambala 10 mlondayo akhoza kukhala X, kuimira 10. Amene anatayipa mndandanda wathu ankaganiza kuti X ndi cholakwika cha osindikiza ndipo anachichotsa paliponse pamene anachiona.

Vuto lachiwiri linali la zilembo. Paliponse pamene panali ŵ panabwera tizizindikiro tiwiri tosamveka, ndipo chimodzimodzinso pa mayina a Chifalansa ndi Chipwitikizi okhala ndi timizere pamwamba pa zilembo. Mnyamata wathu anandifotokozera kuti kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati nambala, ndipo pali mindandanda ingapo yonena kuti nambala yakuti ndi chilembo chakuti. Fayilo ikasungidwa ndi mndandanda wina n'kutsegulidwa ndi winanso, zilembo wamba zimapulumuka koma zapaderazo zimawonongeka. Mankhwala ake ndi kusankha UTF-8 posunga ndi potsegula pomwe. Ndalemba mawu amenewa pakapepala ndipo ndakamata m'mphepete mwa sikirini.

Vuto lachitatu ndilo landichititsa manyazi, chifukwa silinali la makina koma lathu. Wolemba mmodzi ndinamupeza atalembedwa m'njira zisanu: pena dzina la bambo poyamba, pena pomaliza, pena ndi zilembo zoyamba zokha, pena ndi dontho, pena popanda dontho. M'madirowa zimenezi sizinkaoneka chifukwa diso la munthu limakhululuka, ndipo woika khadi ankadziwa yekha kuti ndi munthu mmodzi n'kuwaika pamodzi. Kompyuta ikuona olemba asanu. Ndinapita kukayang'ana makhadiwo ndipo ndinapeza kuti ena mwa iwo analembedwa ndi dzanja langa lomwe.

Pokonza zimenezi ndaphunzira OpenRefine, pulogalamu yaulere imene kale inkatchedwa Google Refine isanatenge dzina latsopanoli mu 2012. Ili ndi njira yosonkhanitsa mawu ofanana pang'ono n'kukufunsa ngati ali chinthu chimodzi, ndipo iwe umasankha kalembedwe kolondola. Imasunganso sitepe iliyonse imene wachita moti ukhoza kubwerera m'mbuyo. Komabe siyenera kukhulupiriridwa mwachimbulimbuli, pakuti inafuna kuphatikiza olemba awiri osiyana a dzina limodzi la banja, mmodzi wolemba za malamulo ndi wina wolemba za ulimi, ndipo ndinawasiyanitsa chifukwa ndimawadziwa mabuku awo pa shelefu. Fayilo itayera ndinaisandutsa marekodi a MARC pogwiritsa ntchito MarcEdit, imene Terry Reese anayamba kuilemba mu 1999. Umaiuza kuti kolamu yakuti ipite ku 245, yakuti ipite ku 100, ndipo imachita zotsalazo. Kuphunzira MarcEdit kunanditengera masana amodzi. Kuyeretsa mndandanda kunanditengera masiku asanu ndi atatu.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Marekodi alowa mu Koha. Nditangowalowetsa ndinafufuza buku limene ndinkadziwa kuti lilimo ndipo silinapezeke, moti mtima unagunda poganiza kuti masabata awiri apita pachabe. Zinapezeka kuti pofufuza Koha siyang'ana marekodiwo mwachindunji, koma imadalira mlozera umene pulogalamu ya Zebra imakonza, ndipo mlozerawo unali usanamalize kukonzedwa. Patapita kanthawi zonse zinaonekera.

Ndamvetsanso kusiyana kwa rekodi ndi kopi. Rekodi imafotokoza buku, pamene gawo la 952 limafotokoza kopi iliyonse imene tili nayo: barcode yake, nambala yake ya pa shelefu ndi mtundu wake. Buku limodzi la makopi anayi likhale ndi rekodi imodzi ndi magawo anayi a 952, osati marekodi anayi monga mmene ndinayambira.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Tayamba kumata ma barcode, shelefu ndi shelefu, ndipo ntchito imeneyi yasanduka kalembera wa mabuku amene sitinamuchite kwa zaka zambiri. Walira mvula walira matope. Tikupeza makhadi a mabuku amene kulibe, ndipo tikupezanso mabuku amene akhala pa shelefu nthawi yonseyi opanda khadi, kutanthauza kuti palibe wowerenga akanawapeza pokhapokha atawagunda mwangozi. Ena anasochera kutali ndi kwawo: dikishonale ina imene tinkaiyesa yobedwa inali pakati pa mabuku a za nyenyezi, chifukwa wina anawerenga 423 ngati 523. Ndapempha komiti kuti isadabwe ikadzaona kuti chiwerengero cha mabuku mu Koha ndi chochepa poyerekeza ndi cha m'kaundula wakale, chifukwa chiwerengero chatsopanochi ndicho choona.

Tagwirizana kumata barcode kunja kwa chikuto chakumbuyo, kutali ndi barcode ya wosindikiza, chifukwa pa tsiku loyamba sikana inkawerenga ya wosindikizayo n'kumanena kuti buku silikudziwika.

Pamene ndinali pa mashelefu a zinenero ndinakumbukiranso chidandaulo changa chakale pa Dewey. Melvil Dewey anatulutsa dongosolo lake mu 1876, ndipo mpaka lero Chingerezi chili ndi 420 yonse, Chijeremani 430, Chifalansa 440, pamene zinenero zochuluka za mu Africa zapanikizana mu 496, zomwe zimachititsa kuti manambala ake atalike mpaka osakwana pamsana pa kabuku kopyapyala. Kompyuta siinathetse zimenezi, koma yandipatsa khomo lina lolowera. Owerenga ambiri amafufuza ndi mawu a chinenero chawo, pamene mitu ya nkhani ya m'gawo la 650 imabwera m'Chingerezi. Gawo la 653 limalola mawu amene sali pa mndandanda wovomerezeka, ndiye ndayamba kuikamo mawu a Chichewa monga malungo, ulimi wothirira, miyambi ndi ufulu wa ana. Pa khadi sindikanatha kuchita zimenezi popanda kulemba makhadi ena owonjezera. Ndalemba mawuwa m'kope limodzi kuti tonse tizigwiritsa ntchito kalembedwe kamodzi, poopa kubwereza chisokonezo cha mayina chija.

Sabata ya khumi ndi chimodzi

Mbali yachiwiri ya ntchitoyi ndi yoti ndithe kuthandiza owerenga kupeza zolembedwa pa intaneti, ndipo sabata ino ndaipereka ku zimenezo. Ndinkaganiza kuti achinyamata sakufuna thandizo langa pa nkhaniyi popeza zala zawo zimathamanga pa foni kuposa maso anga, koma nditakhala pambali pawo ndaona kuti ambiri amalemba funso lonse lathunthu, amatenga chimene chabwera pamwamba, ndipo akalephera amanena kuti nkhaniyo kulibe. Kusankha mawu awiri kapena atatu oyenera, kuganizira mawu ena a tanthauzo lomwelo, ndi kuzindikira kuti nkhani ndi yotakata kapena yopapatiza, ndi luso lomwe lija la kusankha mutu wa khadi. Mawu akuti AND, OR ndi NOT, amene amachokera ku masamu a George Boole wa m'zaka za m'ma 1800, ndawamvetsa msanga pa chifukwa chimenechi: AND amachepetsa zotsatira, OR amazichulukitsa, ndipo NOT ndi wofunika kusamala naye chifukwa amataya ndi zabwino zomwe.

Ndayesera Google Scholar, imene inayamba mu 2004, ndi DOAJ, mndandanda wa magazini a kafukufuku owerengedwa mwaulere umene unayambira ku Lund University ku Sweden mu 2003. Ubwino wa DOAJ ndi wakuti magazini amaunikidwa asanaikidwepo, choncho ndimaigwiritsanso ntchito poona ngati magazini ina ndi yodalirika, popeza pali ena amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Ndawerenganso za Research4Life, imene imapatsa mabungwe a m'mayiko osauka mwayi wowerenga magazini olipira mwaulere kapena pa mtengo wotsika. Inayamba ndi Hinari ya za umoyo mu 2002 pansi pa bungwe la WHO, kenako AGORA ya za ulimi mu 2003 pansi pa FAO, ndipo pambuyo pake panabwera OARE, ARDI ndi GOALI. Amalembetsa ndi bungwe, osati munthu payekha, ndiye ndapereka nkhaniyi ku komiti kuti ione ngati laibulale ya mtundu wathu ili m'gulu la oyenera.

Lachinayi kunabwera mtsikana wina amene akulemba kafukufuku wake womalizira maphunziro, ali ndi pepala la zolembedwa zisanu ndi chimodzi zimene ankafuna kuti ndimupezere. Zinayi tinazipeza mosavuta polemba DOI yake pa doi.org. DOI ndi nambala yoyamba ndi 10. imene imakhalabe yomweyo ngakhale cholembedwacho chitasamukira pa tsamba lina. Ziwiri zotsalazo zinakana. Mitu yake inkamveka bwino, magaziniwo alipodi, koma titatsegula voliyumu ndi masamba otchulidwawo tinapeza nkhani zina zosiyana kotheratu. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, zimenezi unazitenga kuti?" Anayamba wazengereza, kenako anati, "Amayi, ndinafunsa pulogalamu ija yoyankha mafunso, ndiye inandipatsa mndandandawu." Ndinamufotokozera kuti mapulogalamu oterowo amalumikiza mawu amene amaoneka oyenerana, ndipo akhoza kupeka mutu, wolemba ndi DOI zimene sizinakhaleko. Sindinamudzudzule, chifukwa ine ndemwe masabata asanu ndi atatu apitawo ndinakhulupirira marekodi a shelefu yathunthu osatsegula buku. Tinagwirizana kuti chilichonse chimene sanachione ndi maso ake chisalowe mu kafukufuku wake, ndipo ndinamuonetsa Zotero, pulogalamu yaulere yochokera ku George Mason University kuyambira mu 2006, imene imasunga tsatanetsatane wa cholembedwa pa nthawi imene wachitsegula. Ndinali nditaiphunzira dzulo lake lomwe, ndipo pena tinkafufuzira limodzi batani loyenera.

Tsiku lomwelo lipoti lina limene ankafuna linali litachotsedwa pa tsamba la eni ake, ndipo tinalipeza mu Wayback Machine ya Internet Archive, bungwe limene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996 ndipo limasunga makopi a masamba monga mmene ankaonekera pa masiku osiyanasiyana. Sizonse zimene zimasungidwa, koma ndi bwino kuyesa musanataye mtima.

Sabata ya khumi ndi ziwiri

Ndinalandira imelo yonena kuti akaunti yanga itsekedwa pakatha tsiku limodzi ngati sindilowetsanso pasiwedi, ndipo inali ndi chizindikiro chooneka chenicheni. Ndinali nditatsala pang'ono kudina pamene ndinaona kuti adiresi ya wotumiza inali ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Diso lozolowera kusaka zolakwika m'makhadi ndilo linandipulumutsa. Kuchokera pamenepo tasintha zinthu zingapo. Aliyense wogwira ntchito ali ndi akaunti yakeyake mu Koha yokhala ndi mphamvu zogwirizana ndi ntchito yake, m'malo mwa pasiwedi imodzi imene tonse tinkaidziwa ndipo inali yolembedwa pansi pa kiyibodi. Pa imelo ya laibulale taika chitsimikizo chachiwiri, moti pasiwedi yokha siikwanira popanda nambala yobwera pa foni.

Nkhani imene yandiganizitsa kwambiri ndi ya chinsinsi cha owerenga. Kale buku likabwezedwa, kakhadi kankabwerera m'thumba lake ndipo nkhani inkathera pomwepo. Koha ikhoza kukumbukira buku lililonse limene munthu anabwerekapo, ndipo munthu amene anabwereka buku la matenda ena, la kutha kwa banja kapena la ngongole sangafune kuti zimenezo zizioneka kwa aliyense wokhala pa kauntala. Pulogalamuyi ili ndi njira yochotsa dzina la wobwereka pa mbiri yakale n'kusiya chiwerengero chokha cha maulendo amene bukulo latuluka. Ndapempha komiti kuti ivomereze kuti tizichita zimenezi nthawi ndi nthawi, ndiponso kuti polembetsa tisamafunse zambiri kuposa zimene tikufunikira kuti timupeze munthu akachedwa kubweza.

Sabata ya khumi ndi zinayi

Ndinafunsa mnyamata wathu ngati tili ndi backup ndipo anandionetsa kuti seva imadzipangira yokha kopi usiku uliwonse. Ndinafunsanso kuti kopiyo imasungidwa kuti, ndipo yankho linali lakuti pa seva yomweyo. Tonse tinangoyang'anana. Makhadi anali olemera ndi ochedwetsa, koma sakanatha onse tsiku limodzi chifukwa cha kachipangizo kamodzi kofa. Tsopano tikutsatira lamulo lodziwika la 3-2-1, lakuti pakhale makopi atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo imodzi ikhale kunja kwa nyumba ino. Ndinaumirira kuti tiyese kubwezeretsa kopi imodzi pa kompyuta ina, chifukwa kopi imene sinayesedwe sitingadziwe ngati ili yamoyo. Ulendo woyamba tinalephera chifukwa tinadumpha sitepe imodzi, ulendo wachiwiri zinatheka, ndipo masitepe onse ndawalemba ndi dzanja m'kope limene likhale m'kabati, popeza malangizo osungidwa pa seva sangawerengeke tsiku limene sevayo yafa.

Sabata ya khumi ndi zisanu ndi chimodzi

Tayamba kubwereketsa kudzera mu Koha pa mashelefu amene ali ndi barcode, kuyambira 000 mpaka 599. Masiku awiri oyamba mzere unatalika chifukwa aliyense ankafunika kulembetsedwa mwatsopano, koma tsopano kubwereka buku kumatenga timphindi tochepa. Intaneti kapena magetsi zikachoka timalemba m'kope nambala ya wowerenga ndi barcode ya buku, n'kudzalowetsa pambuyo pake. Koha ili ndi njira yakeyake yobwereketsera popanda intaneti, koma sindinaiphunzire, ndipo ndaiika pa ntchito za mwezi wamawa.

Bambo wina wachikulire amene wakhala akubwera kuno zaka zambiri anakana kugwiritsa ntchito OPAC ndipo anapita molunjika ku madirowa monga mwa masiku onse. Sindinamuletse. Nditamuonetsa kuti akhoza kulemba mawu akuti miyambi n'kuona mabuku onse pamodzi ndi kudziwa limene labwerekedwa, anayang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, "Chabwino mayi, koma madirowawa musawataye." Ndinamutsimikizira kuti sitiwataya msanga, ndipo komiti yavomereza kuti akhalepo mpaka shelefu yomaliza itatsimikizidwa, ngakhale kuti tasiya kulemba makhadi atsopano.

Zotsala ndi mashelefu a 600 mpaka 999, mabuku a ana, ndi timabuku ndi malipoti opanda ISBN amene ndiyenera kulemba ndekha. Mbali yomalizayi idzachedwa kuposa mmene ndinalonjezera poyamba, chifukwa pa tsiku labwino ndimatha marekodi ochepa okha oterewa, ndipo ndapempha kuti m'mawa uliwonse wa Lachiwiri ndi Lachinayi ndisamakhale pa kauntala. Lolemba tiyamba ndi shelefu ya 610, ya za umoyo ndi mankhwala, kumene ndikuyembekezera kupeza mabuku ambiri akale kwambiri moti tidzayenera kukambirana ngati akuyenera kulowa mu katalogu kapena kuchotsedwa.